Mbale ya Abiti Saidi pa Okushoni

Ndikawakumbukira Abiti Saidi, chimayamba kundifika m'mphuno ndi utsi wa nkhuni zaziwisi wosakanikirana ndi mafuta a mlamba akudonthera pamoto, kenako mawu awo okuwa, akukalipira nkhuku, ana, mphepo, chilichonse chimene chayandikira pamene ankawambira nsomba zawo. Tinkakhala moyandikana ku Mangochi, kuseri kwa msika, kunjira yotsikira ku Shire. Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale wochokera ku Ntcheu, ndipo boma litawatumiza kumeneko tinapeza nyumba ya lendi yolekana ndi ya Abiti Saidi ndi mpanda wa bango basi. Ife tinali Akhristu, iwo Asilamu. Tinkawaitana kuti Anganga monga ankachitira ana onse a m'deralo, ndipo iwo ankandiitana ine kuti Abiti Aphunzitsi, kutanthauza mwana wamkazi wa aphunzitsi. Dzina langa lenileni sanavutike nalo n'komwe.

Sanali munthu wofatsa, ndisaname. Anali wamfupi, wouma thupi, chipini chasiliva pamphuno, manja akuda bii ndi mwaye, ndipo pamsika ankatha kukangana ndi wogula mpaka wogulayo kupepesa ngakhale wolakwa anali iwowo. Ankadzuka kusanache kukapikula nsomba kudoko, kuzitumbula, kuzitsuka, kuziyala pawaya, ndipo tsiku lonse ankakhala pambali pa moto akutembenuza imodziimodzi, maso akutuluka misozi ndi utsi. Mwana wawo anali mmodzi, Che Yusufu, munthu wa bwato la injini ndi khoka lalikulu, amene anamanga nyumba yamalata pabwalo lomwelo. Anganga anakana kusamukiramo. Ankati malata amatentha ngati poto. Chinthu chawo chimodzi chokha ndicho chinkagona m'nyumba yamalatayo, m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi, poopa kuti tsiku lina moto wa nsomba ungagwire udzu wa nyumba yawo.

Chinthucho chinali mbale. Inali yadothi, yayikulu pafupifupi ngati lichero, yoyera mbee, yojambulidwa ndi utoto wabuluu. Pakati panali nsomba ziwiri zandevu zikusambira m'zomera za m'madzi, ndipo m'mphepete munali maluwa oyenda mozungulira osaoneka poyambira. Anganga ankati wojambulayo nsomba sankazidziwa bwino, chifukwa m'nyanja yonse iwo sanaonepo ya mchira wotero. Akaigogoda ndi chikhadabo inkalira ngati kabelu, kulira kwake n'kumapitirira mpaka munthu kugwira mpweya. Inkatuluka pa Idi pokha. Ankaikamo mpunga wa mafuta ndi nyama yambuzi, alendo n'kudya atakhala pamkeka, ndipo akatha Anganga ankakhala pansi, kuyala nsalu pamiyendo, n'kuitsuka okha ndi madzi ofunda ndi zala zawo, osalola mchenga kapena phulusa kuiyandikira.

Tsiku lina la Idi, ndili ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, ndinatambasula chala kuti ndikhudze ndevu za nsomba imodzi. Sindinaone kumene kamtengo kanachokera. Ndinangomva kuwawa pamsana pa dzanja.

"Chala chimenecho ndidzadula ndiponyere ng'ona," anatero.

Ndinalira. Iwo sanandinyengerere. Anamaliza kutsuka, anaipukuta, ndipo pokhapo anaitembenuza kuti ndione kunsi kwake, kumene kunali tizilembo tabuluu tonga mapazi a nkhuku. Anati mbaleyo inachokera kunyanja yamchere, inayenda pamitu ya anthu miyezi yambiri mpaka ku Makanjira, kwawo kwa makolo awo, ndipo kuchokera pamenepo inkachoka m'manja mwa mayi kupita m'manja mwa mwana wamkazi. Bambo ataona tizilembo timeneto anati n'ta ku Tchaina. Anganga anangoti, "Kaya. Ine ndinaipeza kwa amayi anga."

Zinthu zinasokonekera chaka chotsatira. Inali nthawi imene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, nthawi imene anyamata ovala malaya ofiira ankatha kuimitsa basi n'kutsitsa nkhalamba. Tcheyamani wa chipani wa dera lathu nayenso anali ndi bwato, koma lopalasa. Kawiri anabwereka injini ya Che Yusufu, amati ya ntchito za chipani, ndipo kachiwiriko inabwerera yowonongeka. Kachitatu Che Yusufu anakana. Sipanathe mwezi, galimoto ya apolisi inaima pakhomo masana dzuwa lili pamutu. Anati Che Yusufu ankawolotsa zigawenga kuchokera kutsidya kwa nyanja. Anawatenga akusoka khoka, osavala ndi nsapato zomwe. Mkazi wawo anathawira kwawo ndi ana. Patapita milungu ingapo kunabwera lole ndi anthu a mapepala, amati katundu yense wa mdani wa boma ndi wa boma. Ananyamula injini, khoka, njinga, wayilesi, makina osokera, mabedi, mapoto. Ananyamulanso bokosi lachitsulo lija.

Anganga anagwira bokosilo ndi manja onse awiri. Anakuwa m'Chiyao, anakuwa m'Chichewa, kuti za m'menemo si za Yusufu, ndi zawo. Mnyamata wina wa malaya ofiira, amene iwo ankamupatsa mitu ya nsomba ali wamng'ono, anawamasula zala chimodzichimodzi, n'kuwakankha. Tonse tinkaonerera pa mipata ya mpanda. Palibe anatuluka.

Kenako kunamveka kuti katunduyo agulitsidwa pa okushoni Loweruka, kumaofesi a boma. Tcheyamani anayenda ndi uthenga woti wachibale aliyense wa mkaidi asayerekeze kuyandikira. Lachisanu madzulo, dzuwa lisanalowe, Anganga analowa pakhomo pathu, chinthu chimene sankachitachita. Anakhala pansi pakhonde. Anali atagulitsa mbuzi zawo zonse ndi nsomba zimene anawamba mwezi wonse. Anamasula mfundo ya nsalu n'kuika ndalamazo pamapazi pa bambo.

"Aphunzitsi, inu ndinu mlendo kuno, si inu m'bale wathu. Palibe angakuletseni. Injini atenge, khoka atenge. Mundigulire mbale yokha."

Bambo anali munthu wabwino, ndipo ndikunena izi ndikudziwa zimene ndilembe kutsogoloku. Ankaphunzitsa ana a asodzi madzulo osalandira kanthu. Anatola ndalamazo ndi manja awiri.

"Musade nkhawa, Anganga. Mawa madzulo mbale yanu igona m'nyumba mwanu."

M'mawa mwake ndinawatsatira. Katundu anamuyala pansi pa mitengo ya mango, ndipo kunali kotentha kale ngakhale nthawi inali isanakwane naini. Wogulitsa anali bambo wa tayi wochokera ku Blantyre, ali ndi kanyundo kamtengo ndi tebulo. Anthu anadzaza, ambiri ongoonerera, akuyang'ana bedi limene Che Yusufu ankagonapo ngati sanaonepo bedi. Anganga anaima kutsidya kwa msewu, okha, atafunda nsalu kumutu.

Injini ndiyo inayamba. Tcheyamani anatchula mtengo woti sungagule ndi njinga yomwe, n'kutembenuka kuyang'ana gulu. Panali asodzi angapo amene akanatha kupereka kasanu kuposa pamenepo. Onse anayang'ana pansi. Kanyundo kanagunda. Khoka linapitanso chimodzimodzi.

Mbale ija anaiponya m'beseni limodzi ndi mapoto, ketulo ndi masipuni, ngati chiwiya wamba. Pafupi ndi ife panaima mzungu wina wa kabudula ndi mkazi wake, amene anthu ankati amayang'anira malo ogona alendo ku Nkopola. Anabwera kudzagula injini, ndipo ataona mmene zayendera anali pafupi kuchoka. Podutsa pa beseni lija anaima. Anawerama, anachotsa ketulo, anatulutsa mbaleyo, anaitembenuza. Anaigogoda ndi chikhadabo, ndipo ine ndinamva kulira kuja pakati pa phokoso lonse. Ananong'oneza mkazi wake mawu ochepa, anaibwezera m'beseni mosasamala, n'kuikanso ketulo pamwamba pake. Bambo anamva zimene ananena, ndipo patapita nthawi anauza amayi. Mzunguyo anati ndi yakale zedi, ya zaka mazanamazana, ndipo mkaziyo asaonetse chidwi.

"Beseni ndi zonse zili m'menemo! Ndani ayambe? Kwacha imodzi!"

Mayi wina wa m'tauni anakweza dzanja, ankafuna mapoto. Mzungu anati ziwiri. Mayiyo anawonjezera pang'ono. Mzungu anati zitatu. M'thumba la bambo munali ndalama zoposa pamenepo kakhumi. Ndinawayang'ana. Dzanja lawo linali litatuluka m'thumba, lafika pachifuwa. Nthawi yomweyo tcheyamani, amene anakhala pampando pambali pa tebulo, anatembenuza mutu n'kuwayang'ana bambo. Anangomwetulira pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa kale zonse. Dzanja la bambo linapitirira kukwera mpaka kumaso, linavula magalasi, ndipo anayamba kuwapukuta ndi mpango.

"Ababa, kwezani mkono," ndinatero ndikuwakoka buluku. "Ababa!"

Anandifinya paphewa mpaka ndinamva fupa. Kanyundo kanagunda. Makwacha atatu.

Mzungu anatenga mbale yokha, anaikulunga m'thawulo la m'galimoto mwake. Mapoto ndi ketulo anawasiyira anyamata a malaya ofiira, iwo n'kumuwombera m'manja.

Bambo anadikira kuti anthu abalalike ndipo anakabweza ndalamazo kunyumba, osati pamsewu. Anganga anali atakhala pambali pa moto wozima. Bambo anagwada, anayamba kufotokoza. Iwo sanawayang'ane kumaso, ankayang'ana dzanja lawo lamanja.

"Mkonowu unauma liti, Aphunzitsi? Dzulo potola ndalama unali bwinobwino."

Usiku umenewo bambo sanadye.

Amayi anga sankalankhula zambiri, koma Lolemba anabereka mwana wathu wakhanda, anauza bambo kuti akukagula nsomba ku Nkopola, n'kunditenga kuti ndizikawalandira mwanayo. Pamsewu tinapeza Anganga akutidikira, atavala nsalu yawo ya Idi. Tinakwera lole ya matola. Titafika, mlonda anatizungulitsa kuseri, kukhitchini, kumene tinakhala padzuwa mpaka mwana anayamba kulira. Wophika wina wachikulire, Myao mnzawo wa Anganga, anawamvera chisoni n'kuvomera kutanthauzira.

Mzunguyo anatilandira pakhonde la nyumba yake. Mbale inali patebulo, pambali pake pali bokosi lamatabwa lodzaza udzu wouma. Anali kuilongedza. Anganga anagwada, munthu amene sindinamuonepo akugwadira wina, anamasula nsalu n'kuyala ndalama zonse pasimenti. Wophika anafotokoza. Mzungu anamvetsera mwaulemu, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kapepala kokhala ndi chidindo cha boma.

"Akuti anagula mwalamulo," anatero wophika. "Akuti pepani kwambiri za mwana wanu, koma iwo za ndale salowerera."

"Muwauze kuti sindikuwaimba mlandu. Ndikugula. Iwo anapereka atatu, ine ndikupereka zonsezi."

Mzungu anaseka pang'ono, kuseka kwachifundo kumene mpaka lero kumandiwawa kuposa kukankha kwa mnyamata uja. Analankhula nthawi yaitali. Kenako wophika anatanthauzira.

"Akuti chinthu ngati ichi si chodyera mpunga. Akuti kunja kuli anthu odziwa kusamala zinthu zotere, amaziika m'magalasi. Akuti kuno ikhoza kusweka."

Anganga anadzuka. Mawu awo apamsika aja anabwerera.

"Kusweka? Muwafunse aone ngati pali mng'alu. Aone! Akazi asanu aisunga mbale imeneyi. Yadutsa m'nkhondo, yawoloka nyanja nthawi ya mwera, yaona njala imene anthu ankagulitsa ndi mphasa zomwe. Ife osadziwa kusamala ndife taifikitsa lero. Iwo akhala nayo masiku awiri, ayamba kale kutiphunzitsa?"

Sindikudziwa kuti wophika anatanthauzira zingati, chifukwa Chingerezi chake chinali chachifupi kuposa mkwiyo wawo. Koma mawu oti akazi asanu anafika. Nkhope ya mzungu inawala. Anatenga cholembera ndi kope, anakhala pampando, anatulutsanso ndalama yapepala m'thumba n'kuiika patebulo.

"Akuti muwauze mbiri yake yonse. Inachokera kuti, anabwera nayo ndani, mayina a akaziwo. Akuti ogula amakonda kudziwa zimenezo. Akuti ndalamayi ndi yanu."

Anganga ndalamayo sanaikhudze. Anapempha chinthu chimodzi, kuti aigwire kaye. Anatambasula manja awo akuda aja. Mzungu anayang'ana manjawo, anayang'ana mbale, ndipo anaikokera kumbali kwake. Anati angoiona pomwepo.

Anganga anaiyang'anadi, nthawi yaitali. Kenako anawerama, anatola ndalama zawo pasimenti, anamanga mfundo.

"Muwauze kuti mbale atenga. Mayina a amayi anga sali pa okushoni."

Tinakwera lole kubwerera kwathu. Mawa lake ndinamva Anganga akukalipira nkhuku ngati kale. Koma pa Idi yotsatira sanaphike, ndipo sanaitanenso alendo mpaka imfa yawo. Kwathu sanalowenso. Bambo akawapatsa moni pampanda ankayankha bwinobwino, ndipo ndikuganiza kuti bambo akanakonda kutukwanidwa. Anganga anamwalira mwana wawo asanatuluke m'ndende. Che Yusufu anabwerera patapita zaka, opanda mlandu umene unazengedwa, opanda mano akutsogolo, n'kukalembedwa ganyu yokoka khoka la munthu wina. Mayina a akazi asanu aja Anganga anapita nawo kumanda. Ine amene ndinali pafupi sindinawafunse, ndinali mwana, ndinkaganiza kuti nthawi ilipo.

Tcheyamani uja anagwiritsa ntchito injiniyo mpaka inatha. Zipani zambiri zitabwera anangosintha malaya, ndipo pamaliro ake anthu analankhula za mtima wake wothandiza. Ndinaliko. Ndinakhala chete ngati ena onse, ndipo pobwerera ndinadzida.

Chaka chatha mdzukulu wanga anandionetsa pafoni mbale zoyera ndi zabuluu zimene amagulitsa pa okushoni kumayiko akunja, anthu ovala magolovesi oyera akuzinyamula. Mitengo yake anachita kundiwerengera kawiri. Sindinganene kuti ina mwa izo inali ya Anganga, ndinafufuza nsomba zandevu zija koma sindinazipeze. Chimene ndinaona n'chakuti pansi pa mbale iliyonse amalembapo kuti inali ya bwana wakutiwakuti, amene anaisonkhanitsa pa maulendo ake. Kusonkhanitsa! Ngati kuti anaitola m'tchire ngati bowa. Ndinamubwezera mwanayo foni yake.

Bambo ndinawafunsa kamodzi kokha. Anali atapuma ntchito, atabwerera ku Ntcheu, maso atayamba kuchita khungu. Tinali awiri pakhonde tikutongola chimanga. Ndinali nditasunga funsolo zaka zoposa makumi awiri, ndipo linatuluka ndi ukali wonse.

"Ababa, tsiku lija munalekeranji kukweza mkono? Munalonjeza."

Sanafunse kuti tsiku liti. Anapitiriza kutongola mpaka chitsononkho chinayera.

"M'mawa mwake tisanapite, tcheyamani anandipeza panjira. Anandifunsa kuti ndili ndi ana angati. Ndinati asanu. Iye anati ayi, akudziwa, n'kuwatchula mayina onse mmodzimmodzi. Lako analitchula kawiri, anati ndiwe wanzeru kusukulu."

Anatenga chimanga china.

"Ndinasankha inu. Ndikanasankhanso inu lero. Koma usaganize kuti ndinagonapo tulo tabwino."

Ndinabwera kudzawaweruza. Koma sukulu ndinamaliza, ntchito ndinagwira, ana ndalera, zonsezo chifukwa bambo anga anapukuta magalasi m'malo mokweza mkono. Mkwiyo uja sunathe, ukadali wonse. Ndimakwiyira tcheyamani, ndimakwiyira mzungu ndi kapepala kake ka chidindo, ndimakwiyira gulu lonse limene linayang'ana pansi. Koma ndikafika pa bambo mkwiyowo umasowa poima, chifukwa mtengo weniweni wa mbale ija sunali makwacha atatu. Anganga anataya mbale yawo kuti ine ndikule ndili ndi bambo, ndipo palibe anawafunsa ngati akuvomera.